Mphindi Imodzi pa Chifuwa cha Mwana

Chaka chatha ndidapatsidwa ntchito yomasulira kapepala ka uthenga wa zaumoyo kuchokera m'Chingerezi. Kadali kopita kwa makolo a ana aang'ono, kowauza kuti si chifuwa chilichonse chimene chimafuna maantibayotiki, mankhwala aja a mtundu wa amoxicillin ndi Bactrim. Ndidaiona ngati ntchito ya tsiku limodzi, koma chiganizo chachiwiri chomwe chidandiimitsa. M'Chingerezi chinkanena kuti maantibayotiki amapha mabakiteriya koma sapha mavairasi. Nditachiika m'Chichewa chimene amayi anga amayankhula, chidatuluka chonchi: mankhwala opha tizirombo sapha tizirombo. Kwathu bakiteriya ndi kachirombo, vairasi ndi kachirombo, kamene kamayambitsa malungo nakonso ndi kachirombo.

Vuto limenelo ndidalilambalala ndi mawu obwereka. Limene lidandikanika lidali pa mzere womaliza, umene unkalangiza kholo kuti lidikire masiku awiri kapena atatu, ndipo mwana akapanda kupeza bwino libwererenso kuchipatala. Mawuwo ngosavuta kumasulira. Kungoti adandikumbutsa achemwali anga kumudzi, amene kuti akafike pachipatala chaching'ono amadzuka tambala woyamba, mwana kumbuyo, n'kuyenda maola awiri. Tsiku lina adandiimbira foni atakwiya. "Achimwene, mtunda wonse uja angondipatsa panado basi. Akuti akapanda kusintha ndibwerenso Lachinayi. Akuona ngati ndimakhala kuseri kwa chipatala?"

Kapepala kaja ndidakamaliza, malipiro ndidalandira, koma funso la achemwali lidatsala m'mutu mwanga. Lidandichititsa kufufuza kumene maganizo oti mwana asamangopatsidwa maantibayotiki adachokera. Ndinkayembekezera kuti mbiri yake yonse ikhala ya ku Ulaya. Mbali ina ndi ya kumeneko ndithu, ndipo ndiikhudza kutsogoloku. Koma mbali imene imalamulira zochitika m'zipatala zathu idayambira kumapiri a dziko la Papua New Guinea.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dokotala wa ana wa ku Australia, Frank Shann, ankagwira ntchito pachipatala cha Goroka m'dzikolo. Chibayo chinkapha ana ochuluka kuderalo, ndipo iye ndi anzake adali ndi mafunso awiri. Loyamba lidali lakuti chikuyambitsa chibayo choopsachi n'chiyani. Ankatenga timadzi ta m'mapapo a ana odwala kwambiri pogwiritsa ntchito singano, ndipo mwa ana ambiri adapezamo mabakiteriya a mitundu iwiri, Streptococcus pneumoniae ndi Haemophilus influenzae. Umenewu udali uthenga wopatsa chiyembekezo, chifukwa nthawi imeneyo mabakiteriya amenewa ankagonja ndi mankhwala otchipa.

Funso lachiwiri ndi limene lidasintha zinthu. Mwa ana mazanamazana obwera akutsokomola, wogwira ntchito wa kumudzi, amene alibe makina ojambulira m'chifuwa ndipo sadapite kusukulu ya udokotala, angadziwe bwanji amene ali ndi chibayo ndi amene ali ndi chimfine chabe? Yankho limene adasindikiza mu 1984 lidali lakuti awerenge kapumidwe. Mapapo a mwana wa chibayo amakhala ndi mbali yodzaza madzi ndi mafinya, choncho thupi limapuma mofulumira pofuna kupeza mpweya wokwanira. Mwana wotsokomola amene akupuma kopitirira ka 50 pa mphindi imodzi apatsidwe antibayotiki akamwere kunyumba. Amene m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya agonekedwe m'chipatala. Amene akungotsokomola popanda zizindikiro ziwirizi asapatsidwe antibayotiki.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatenga njirayi n'kuikonza malinga ndi msinkhu: ka 60 kapena kuposerapo kwa khanda losafika miyezi iwiri, ka 50 kwa mwana wa miyezi iwiri mpaka 11, ndi ka 40 kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka wosafika zaka zisanu. Chida chofunika chidali wotchi basi. Pambuyo pake kudabwera kawotchi kakang'ono kolira mphindi ikakwana, kamene ambiri a ife tidakaonapo patebulo la kusikelo osadziwa ntchito yake.

Chimene chidandidabwitsa n'chakuti lamuloli lidali ndi mbali ziwiri kuyambira pachiyambi. Mbali imodzi idali yofikitsa mankhwala kwa mwana amene akadafera kumudzi osaonana ndi dokotala. Mbali inayo idali yopatsa wogwira ntchito chifukwa chomveka chokanira mankhwala kwa mwana wa chimfine. Tinganene kuti kuyesa koyamba kwakukulu kochepetsa maantibayotiki osafunikira mwa ana a m'mayiko osauka kudabadwira limodzi ndi kuyesa kowafikitsa kwa ana ambiri. Mbali yoyamba idayenda bwino kwambiri. Mu 2003 akatswiri awiri, Sunil Sazawal ndi Robert Black, adaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko angapo ndipo adapeza kuti kumene njirayi inkatsatidwa m'midzi, imfa za chibayo mwa ana osafika zaka zisanu zidatsika ndi 36 pa 100 zilizonse.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990, mabungwe a WHO ndi UNICEF adaphatikiza lamulo la kapumidweli ndi malamulo a kutsekula m'mimba, malungo, chikuku ndi kunyentchera, n'kupanga ndondomeko imodzi yotchedwa IMCI. Dziko la Malawi lidayamba kuitsata chakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo kuyambira cha m'ma 2008 alangizi a zaumoyo adayamba kuthandiza ana m'midzi yakutali ndi chipatala, atanyamula bokosi la mankhwala ndi kawotchi kaja. Poyamba mankhwala a chibayo adali Bactrim, kenako amoxicillin wosungunuka m'madzi. Ana ambiri amene lero ali kusekondale adapulumuka chifukwa cha bokosi limenelo, ndipo aliyense wolemba za kuchepetsa maantibayotiki ayenera kuyamba wavomereza zimenezi.

Komabe lamuloli lidali ngati ukonde wa maso ang'onoang'ono, umene umakola chambo pamodzi ndi tiana tomwe. Mwana amapuma mofulumira pa zifukwa zambiri: thupi likatentha, akakhala ndi malungo, akakhala ndi mphumu, mavairasi akatupitsa timachubu ta m'mapapo, ngakhalenso akangotha kulira. Ofufuza a ku Pakistan adajambula m'chifuwa ana oposa 1,800 amene malinga ndi lamuloli adali ndi chibayo chosaopsa, ndipo mu 2006 adalengeza kuti mwa ana 82 pa 100 aliwonse chithunzi sichidaonetse vuto lililonse. Amene adakonza lamuloli ankadziwa kuti ukonde wawo ukola ambiri. Adasankha dala kuti kuli bwino kupatsa mankhwala ana angapo osawafuna kusiyana ndi kuphonya mmodzi amene afa pofika mawa. M'nyengo yawo masamu amenewo adali olondola.

Kenako zinthu zidasintha pansi pa lamulo lomwelo. Mu 2002 dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera woteteza ku Haemophilus influenzae wa mtundu woopsa kwambiri, ndipo mu 2011 lidawonjezera katemera woteteza ku Streptococcus pneumoniae. Amenewa ndi mabakiteriya awiri aja a ku Goroka. Pamene iwo ankachepa, gawo la mavairasi linkakula. Kafukufuku wamkulu wotchedwa PERCH, amene adachitika m'mayiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Zambia ndi South Africa, adalengeza mu 2019 kuti mwa ana ogonekedwa ndi chibayo choopsa, pafupifupi 6 pa 10 aliwonse chidayamba ndi vairasi. Ku Tanzania, gulu lotsogozedwa ndi Valérie D'Acremont lidayeza mwakuya ana 1,005 obwera ndi kutentha thupi ku Dar es Salaam ndi ku Ifakara, ndipo lidapeza kuti pafupifupi 7 pa 10 aliwonse adali ndi matenda a vairasi. Amene adali ndi matenda a bakiteriya adali pafupifupi 2 pa 10.

Kusintha kwachiwiri kukukhudza mawu amene ine monga womasulira ndimalimbana nawo kawirikawiri, mawu akuti malungo. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, mwana akatentha thupi timati ali ndi malungo. Kwa zaka zambiri chipatala chinkagwirizana nafe: kumadera a udzudzu, mwana aliyense wotentha thupi ankapatsidwa mankhwala a malungo osamuyeza. Idali chloroquine, mu 1993 kudabwera Fansidar, ndipo mu 2007 kudabwera LA. Mu 2010 bungwe la WHO lidalangiza kuti wodwala aziyezedwa kaye, ndipo chaka chotsatira zipatala za m'Malawi zidayamba kugwiritsa ntchito kachida kaja kobaya pachala. Kudali kupita patsogolo kwenikweni. Koma kachidako kakaonetsa kuti malungo mulibe, dokotala ankatsala ndi mwana wotentha thupi, mayi womuyang'ana m'maso, mzere wautali panja, ndi manja opanda kanthu. Chimene chidali pafupi ndi antibayotiki. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2017, wokhudza odwala oposa theka la miliyoni mu Africa ndi ku Asia, adapeza kuti mwa odwala amene adapezeka opanda malungo, 69 pa 100 aliwonse adapatsidwa antibayotiki, pamene mwa opezeka ndi malungo adali 40. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Wina angafunse kuti vuto lili pati mwana akamwa mankhwala osawafuna. Mwina amatsekula m'mimba kapena kutuluka zidzolo, ndipo mabakiteriya abwino a m'matumbo mwake amasokonezeka. Pachipatala, mankhwala amatha msanga, ndipo mwana wa chibayo chenicheni akafika kumapeto kwa mwezi amauzidwa kuti akagule. Vuto lalikulu ndi limene Alexander Fleming, amene adatulukira penisilini, adachenjeza kale mu 1945 polandira mphoto ya Nobel, lakuti mabakiteriya okumana ndi mankhwala osafa nawo amapima. Nthawi iliyonse antibayotiki akalowa m'thupi, mabakiteriya ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, ndipo amafalikira kudzera m'manja, m'madzi ndi m'chimbudzi. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza akhala akusunga zotsatira za magazi a odwala kuyambira mu 1998. Adapeza kuti mu 2003, mabakiteriya a Klebsiella pafupifupi 12 pa 100 aliwonse ndi amene adali osamva mankhwala a mtundu wa ceftriaxone, jekeseni yodalirika ya m'zipatala zathu. Pofika mu 2016 adali pafupifupi 90. Sindikunena kuti zonsezi zidabwera ndi amoxicillin wa kusikelo, pakuti kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala m'mawodi ndi kusowa kwa madzi aukhondo zili ndi gawo lalikulu. Koma makanda amene amafa ndi Klebsiella amabadwira m'mudzi womwewo umene enafe timameza makapisozi tikangoyetsemula.

Tsopano ndifike ku Ulaya kuja, chifukwa uthenga wa pakapepala kanga udachokera kumeneko. Ku Netherlands, dokotala F. L. van Buchem ndi anzake adaonetsa mu 1981 kuti ana ambiri opweteka khutu amachira chimodzimodzi kaya amwa antibayotiki kaya sadamwe. Mu 1985 adalengeza zotsatira za ana oposa 4,800, ndipo oposa 9 pa 10 aliwonse adapeza bwino m'masiku atatu kapena anayi popanda antibayotiki. Kuchokera apo madokotala a kumeneko adazolowera kudikira ndi kuyang'anira. Dziko la France, limene linkamwa maantibayotiki ochuluka kwambiri mu Ulaya, lidayamba ntchito yaikulu yophunzitsa anthu mu 2002, pa wailesi ndi pa kanema, ndi mawu achidule osavuta kuloweza akuti antibayotiki si wongopereka nthawi zonse. M'zaka zisanu, mankhwala olembedwa m'nyengo yozizira adatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Nkhani zimenezi n'zoona ndipo n'zolimbikitsa. Koma mayi wa ku Netherlands amene wauzidwa kuti adikire ali ndi foni ya dokotala wa banja lake, msewu wa phula, mwana wodya mokwanira, ndipo kulibe malungo. Mawu akuti mubwerenso akatuluka m'kamwa mwa dokotala wa kumeneko ali ndi mtengo wa mphindi khumi pa njinga. Kwa achemwali anga ali ndi mtengo wa tsiku lathunthu la kumunda. Nchifukwa chake funso lidayenera kufunsidwanso kuno kwathu.

Lidafunsidwa ku Lilongwe. Kuyambira mu 2016, gulu la ofufuza, mwa iwo Amy Sarah Ginsburg ndi Tisungane Mvalo, lidachita kafukufuku pachipatala cha Kamuzu Central ndi cha Bwaila. Adatenga ana 1,126 a miyezi iwiri mpaka osafika zaka zisanu, otsokomola ndi kupuma mofulumira, koma opanda kachirombo ka HIV ndiponso opanda chizindikiro chilichonse choopsa. Makolo atavomera, theka la anawo lidapatsidwa amoxicillin wa masiku atatu, theka linalo mapiritsi ofanana maonekedwe koma opanda mankhwala. Kholo kapena dokotala sankadziwa kuti mwana ali m'gulu liti. Pofika tsiku lachinayi, ana 4 pa 100 aliwonse a gulu la amoxicillin adali asadapeze bwino kapena adali atadwalika, pamene m'gulu linalo adali 7. Oyang'anira chitetezo cha anawo adaimitsa kafukufukuyu nthawi yake isadakwane. Palibe mwana amene adamwalira. Ku Karachi, m'dziko la Pakistan, kafukufuku wofanana wa ana pafupifupi 4,000 adapeza zonga zomwezi.

Manambala amenewa ndidawawerenga kangapo, ndipo nthawi iliyonse ankandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, amoxicillin amathandizadi ana ena, ndipo ichi n'chifukwa chake mwana wopuma mofulumira amapatsidwabe mankhwalawa mpaka lero. Chachiwiri, ana 93 pa 100 aliwonse amene sadamwe antibayotiki adapeza bwino okha. Kuti mwana mmodzi apindule, pafunika kumwetsa ana pafupifupi 33. Ndiye kuti pa benchi ya kusikelo pali mwana mmodzi amene akufunikadi mankhwala ndi ana 32 amene sakuwafuna, ndipo wotchi payokha singathe kuwasiyanitsa. Palinso china chimene manambala satchula mokweza. Ana a m'kafukufuku ankaonedwa pafupipafupi ndi anamwino, ndipo wina akangoyamba kudwalika ankalandira thandizo tsiku lomwelo. Kudikira kwawo kudali kotetezedwa. Mwana wa achemwali anga alibe namwino womulondola kumudzi.

Njira imene ikuoneka kuti ikutsegula khomo ndi yowonjezera zida m'manja mwa dokotala wa pachipatala chaching'ono. Ku Tanzania, m'zipatala zazing'ono 40 za m'zigawo za Mbeya ndi Morogoro, ofufuza adayesa pulogalamu ya pa tabuleti yotsogolera dokotala funso ndi funso. Padalinso kachida kopana pachala koyeza mpweya wa m'magazi, kuyeza kuchuluka kwa magazi, ndi kuyeza kwina kwa kadontho ka magazi kothandiza kudziwa ngati m'thupi muli kutupa kwa mtundu umene mabakiteriya amayambitsa. Madokotalawo ankayenderedwanso ndi kuonetsedwa kalembedwe kawo ka mankhwala. Zotsatira zimene zidatuluka chakumapeto kwa 2023 zidaonetsa kuti m'zipatala zotsata njira yakale ana 70 pa 100 aliwonse adapatsidwa antibayotiki, pamene m'zipatala za njira yatsopano adali 23, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri ana a magulu onse awiri adali atachira mofanana. Zidazo zimafuna ndalama, magetsi ndi nthawi, ndipo dokotala woona ana oposa 100 m'mawa umodzi nthawiyo alibe. Komabe phunziro lake ndi lomwe lija la ku Goroka. Wogwira ntchito amasiya kupereka mankhwala osafunikira akapatsidwa chinthu china chodalirika choti agwire, kaya ndi wotchi, kaya ndi kachida ka pachala. Kungomudzudzula sikudathandizepo.

Nditawerenga zonsezi ndidawaimbiranso achemwali. Ndidawafunsa ngati adokotala aja adamuyeza mwanayo tsiku lija.

"Adamubaya pachala, akuti malungo mulibe. Kenako adati ndimuvule malaya, n'kumangoyang'ana pachifuwa ndi pawotchi kanthawi ndithu. Ine ndinkaona ngati akuganiza zina."

Ndidawauza kuti ankawerenga kapumidwe, ndipo ngati sadapereke amoxicillin ndiye kuti nambala sidafike 40. Adokotala aja adachita zoyenera. Chimene chidasowa ndi mphindi ina imodzi yofotokoza: kuti mwanayu ndamuwerenga ndipo chibayo alibe, kuti chifuwa cha chimfine chimatha kutenga sabata kapena kuposerapo, ndiponso kuti musadikire Lachinayi ngati wayamba kupuma mofulumira, m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena wafooka moti sakudzuka. Mawu amenewa ndi amene akadayenera kukhala pamwamba pa kapepala kanga, m'malo mwa phunziro la mabakiteriya ndi mavairasi. Mayi amene wauzidwa chimene adokotala awerenga angathe kuwerenganso yekha kunyumba ndi wotchi ya pafoni.

"Nanga Lachinayi lija mudapitanso?" ndidafunsa.

Adaseka. "Ndipitenso kukatani? Pobwerera ndidadzera pagolosale, ndidagula makapisozi anayi. Ndinkatsegula n'kusungunula ufa wake pasupuni. Pofika Lachisanu mwana adali akusewera panja."

Makapisozi anayi a munthu wamkulu, ogawidwa mongoyerekeza kwa mwana wa zaka ziwiri, ndi chinthu chenicheni chimene Fleming ankaopa. M'kaundula wa chipatala chija, mwanayu adalembedwa monga mmodzi mwa ana amene sadapatsidwe antibayotiki wosafunikira. Achemwali amakhulupirira kuti makapisozi ndi amene adamuchiritsa. Ine ndikukhulupirira kuti akadachira yekha, monga ana 93 aja a ku Lilongwe, koma ndilibe njira yowatsimikizira pa mwana mmodzi ameneyu. Ndidangowapempha kuti ulendo wina akadzapita kusikelo adzafunse nambala imene adokotala apeza, ndipo ndidawaphunzitsa kuwerenga kwake: mwana akhale phee, malaya avulidwe, maso pamimba, mphindi yathunthu. Adati ayesa akagona.